Mmene mungachotsere kuwala kwa m'tauni ndi zipsera za kamera pa zithunzi za nyenyezi

Vuto limakhala lomweli kwa ambiri amene angoyamba kujambula thambo usiku: mwajambula mafuremu (zithunzi) ambirimbiri a Eta Carinae Nebula, mtambo wowala wa mpweya wofiira ndi fumbi pakati pa nyenyezi, mwawasanjikiza pa kompyuta kuti akhale chithunzi chimodzi chomwe timati stack, ndiye mukangokweza kuwala kuti muone chomwe mwagwira mukupeza m'munsi mwa chithunzi mwafiira ngati kukubwera moto wa tchire, makona ada bii, pakati pali timphete totuwa tingapo, komanso timadontho tofiira ndi tabuluu tomwe si nyenyezi ayi. Apa ambiri amangodetsa thambo lonse kuti zinyalalazo zibisike, nebula nayo nkupita nazo limodzi.

Zinyalalazi zimachokera mbali ziwiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Makona akuda, timphete ta fumbi, timadontho tamitundu ndi kuwala kotulukira m'mbali mwa sensa ndi za kamera ndi lenzi yanu, zimachoka ndi ma flat, ma dark ndi ma bias, mitundu itatu ya zithunzi zapadera zoyezera zilema za kamera zomwe tifotokoze m'munsimu. Kuwala koyamba mbali imodzi nkumazilala kupita mbali ina, komwe timati gradient, ndi kwa thambo lenilenilo: magetsi a m'tauni, mwezi, utsi. Kumeneko kumachoka ndi background extraction, chida cha pa kompyuta chochotsera kuwala kwa thamboko. Za kamera ziyambe, za thambo pambuyo, mukatembenuza dongosololi muzingolimbana ndi chithunzi mpaka mutatopa.

Zofunika kukhala nazo

- Kamera yojambula RAW, kaya ndi Canon, Nikon, Sony kapena zija za zakuthambo ngati ZWO. JPEG ayi, kamera imakhala itaiphika kale ndipo masamu ochotsera zinyalala sagwiranso bwino.
- Chotsatira nyenyezi (tracker), kamakina kotembenuza kamera motsatira kuyenda kwa thambo, ngati Sky-Watcher Star Adventurer kapena iOptron SkyGuider Pro. Pa tripod yokha zimathekanso bola mafuremu akhale afupiafupi.
- Chotsekera lenzi, ndi kansalu kakuda kophimbira kagalasi kosuzumirapo ngati ndi DSLR.
- Tisheti yoyera yopanda zolemba, labala, ndi tabuleti kapena laputopu yoonetsa sikirini yoyera.
- Siril, pulogalamu yosanjikizira ndi kukonzera zithunzi za nyenyezi, ndi yaulere ndipo imayenda pa Windows, Mac ndi Linux. GraXpert, pulogalamu yochotsera gradient, nayo ndi yaulere, muitsitse mukapeza bandulo yabwino. PixInsight ndi yogula, pa zomwe tikuchita panozi simukuifuna.
- Malo okwanira pa hard drive, chifukwa Siril imapanga mafayilo ambiri apakati ndipo amadya malo zedi.

Pojambula, kunja kuja

1. Konzani kamera. Ikani pa Manual, RAW, ISO imodzi usiku wonse, mwachitsanzo 800, ndi lenzi ya 135mm pa f/2.8 mafuremu a masekondi 60. Zimitsani Long Exposure Noise Reduction, imakudyerani theka la usiku pojambula dark yakeyake pa furemu iliyonse pomwe inu mujambula ma dark abwino kuposa amenewo.

Chenjezo: zimitsaninso kuyeretsa sensa kuja kamera imachita yokha ikamayaka ndi kuzima. Mukasintha batire pakati pausiku kamera nkugwedeza sensa, fumbi limasuntha, ndiye ma flat anu adzakhala akuonetsa fumbi pamalo pomwe silinali.

2. Sankhani nthawi ndi mbali. Eta Carinae imakhala kumwera pafupi ndi Southern Cross, madzulo a Epulo ndi Meyi imakhala itakwera bwino mvula itangosiya, koma kuno kwathu siifika pamutu ayi, imathera chapakati pa thambo. Ndiye ngati muli kumpoto kwa tauni ngati Lilongwe kapena Blantyre, kuwala konse kwa tauniyo kuli m'munsi mwake mwenimwenimo. Mukatha pitani kumwera kwa tauni kuti magetsi akhale kumsana. Gradient yomwe simunaijambule ndi yomwe imachoka bwino kuposa zonse, ndipo mwezi ukakhala waukulu kapena utsi wa m'ma Sepitembala ndi Okutobala utadzadza kumwamba, dziwiranitu kuti ntchito ya pa kompyuta ikula.

3. Pangani dithering. Uku ndi kusuntha kamera pang'ono chabe, ma pixel ochepa, pakati pa mafuremu, kuti pixel yowonongeka isamagwere pa nyenyezi yomweyomweyo nthawi zonse. Amene muli ndi mapulogalamu kapena zida zoyendetsera kamera ngati PHD2, NINA kapena ASIAIR zimachita zokha mukatsegula. Pa tracker wamba ingokhudzani kabatani kosunthira pakatha mafuremu atatu kapena asanu, mbali zosiyanasiyana, dikirani kugwedezeka kuthe nkupitiriza. Popanda izi mumapeza timizere topendekera tamitundu pa thambo lonse, anthu amati walking noise, ndipo ikalowa mu stack palibe pulogalamu imene imaichotsa bwinobwino.

4. Mukamaliza kujambula nyenyezi, jambulani ma flat musanakhudze chilichonse. Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera, ndiye ndikhalitsapo. Flat ndi chithunzi cha kuwala kofanana paliponse, ndipo chilichonse chooneka chosafanana pa chithunzicho ndi chilema cha lenzi ndi sensa yanu: makona akuda aja ndi timphete ta fumbi. Siril imagawa chithunzi chanu ndi flat, pomwe panada nkuwala kufanana ndi pena ponse.

Kungani tisheti pakamwa pa lenzi ndi labala, isakhale ndi makwinya, lozetsani kamera m'mwamba, ikani tabuleti ya sikirini yoyera pamwamba pake. Ikani kamera pa Av kapena A, ISO yomweyo, jambulani imodzi nkuyang'ana histogram, kagirafu koonetsa kuwala kwa chithunzi: kaphiri kake kakhale pakati kapena kumanzere pang'ono kwa pakati, kasagunde khoma la kumanja. Kakakhala bwino jambulani 20 kapena 30, mukuzunguza tabuleti pang'ono pakatipakati kuti ngati sikirini ili ndi mbali yowala kwambiri zisakanikirane.

Chenjezo: focus, zoom ndi f-number zikhale momwe zinalili pojambula nyenyezi. Mukajambula nyenyezi pa f/2.8 flat pa f/4 ndiye kuti mwayeza makona a lenzi ina. Ngati ndi telesikopu musazunguze kamera kapena kuichotsa. Ndipo samalani pomanga tisheti, dzanja limakhudza ring ya focus osadziwa, ena amaimata ndi selotepi usiku usanayambe. Chinanso, sikirini ikawala kwambiri shutter imathamanga mpaka mumagwira kuphethira kwa sikiriniyo, ma flat nkutuluka ndi mizere yopingasa. Chepetsani kuwala kwa sikirini kapena pindani tisheti kawiri kuti shutter ichedweko.

5. Jambulani ma dark pomwepo, kunja komweko. Tsekani lenzi, phimbani kagalasi ka kumbuyo, masekondi omwewo, ISO yomweyo, kutentha komweko. Dark imagwira ma hot pixel, timadontho tamitundu tija, ndi phokoso lomwe sensa imapanga yokha ikatentha, ndipo phokosoli limawirikiza pafupifupi kawiri sensa ikatentherako ndi madigiri 6 okha, nchifukwa chake ma dark ojambulira m'chipinda mawa lake masana sakwanira pa mafuremu a usiku wozizira wa Juni. Jambulani 20 kapena 30, muzilongedza zina kamera ikugwira ntchito.

Amene muli ndi kamera yozizira yokha muli pabwino, ikani pa -10 digiri, jambulani ma dark tsiku lililonse lomwe mwafuna nkumawagwiritsa ntchito miyezi. Koma ngati ndi makamera a ZWO a ASI294, ASI183 kapena ASI1600, masensa amenewa ali ndi amp glow, kuwala kotulukira m'mphepete mwa chithunzi kochokera ku mawaya a mkati, ndipo kumachoka pokhapokha dark ikafanana ndendende ndi furemu yanu pa masekondi, gain ndi offset (zoikamo za kamerayo, gain ndi ngati ISO). Mu pulogalamu yosanjikizira musatsegule dark optimization pa makamera amenewa, imachepetsa kapena kukuza dark ndiye amp glow imatsalako kapena pamakhala dzenje lakuda pomwe inali. ASI533 ndi ASI2600 alibe vutoli.

6. Ma bias amagwira manambala omwe sensa imapereka ngakhale kuwala kulibe, ndipo ndi osavuta: lenzi yotseka, ISO yomweyo, shutter yothamanga kwambiri yomwe kamera ili nayo, kaya 1/4000 kaya 1/8000, jambulani 50, mphindi ziwiri zatha. Pa ASI294 anthu ambiri sadalira ma bias, amajambula ma flat a masekondi angapo nkujambulanso ma dark a masekondi omwewo kuti alowe m'malo mwa bias.

Pa kompyuta

7. Pangani foda imodzi, mkati mwake mafoda anayi olembedwa ndendende chonchi, zilembo zing'onozing'ono: lights, darks, flats, biases. Musanaponye mafuremu a nyenyezi mu lights, aoneni kaye limodzilimodzi nkutaya omwe munadutsa mtambo, omwe galimoto inawalitsa, ndi omwe lenzi inagwira mame. Furemu ya mame nyenyezi zake zimatupa ndi chifunga, palibe chokonza, itayeni basi. Koma mafuremu odutsidwa ndi ndege kapena masatelayiti a Starlink asiyeni, achoka okha.

8. Mu Siril dinani kabatani ka chithunzi cha kanyumba nkusankha foda yaikuluyo, kenako pa Scripts sankhani OSC_Preprocessing ngati kamera yanu ndi yamitundu. Script imeneyi imasanjikiza ma bias, imawachotsa mu ma flat, imasanjikiza ma dark, kenako furemu iliyonse ya nyenyezi imachotsedwa dark nkugawidwa ndi flat, ma hot pixel nkukonzedwa, mafuremu nkulinganizidwa ndi kusanjikizidwa. Posanjikizapo imataya pixel iliyonse yosiyana kwambiri ndi anzake a pamalo omwewo, ndi mmene mizere ya masatelayiti imachokera, koma zimafuna mafuremu okwanira. Ndi asanu okha musadabwe mzere ukatsala.

9. Tsegulani fayilo ya result yomwe yatuluka. Ioneka yakuda, musachite mantha, m'munsimo sinthani Linear kupita pa AutoStretch. Uku ndi kuonetsa chabe, chithunzi sichinasinthe. Ikatuluka yobiriwira yonse dulani kaunyolo kolumikiza mitundu kali pambalipo. Tsopano imani kaye muyang'ane ngati za kamera zachokadi, chifukwa zomwe mukuona apa zikukuuzani pomwe palakwika:

Makona akadali akuda ndiye kuti ma flat sanachotsedwe bias, kapena f-number inasiyana. Makona akawala kuposa pakati ndiye kuti mafuremu a nyenyezi sanachotsedwe dark kapena bias asanagawidwe ndi flat. Timphete ta fumbi tikaoneka totukuka, mbali ina yowala mbali ina yakuda, ndiye kuti fumbi kapena kamera inasuntha ma flat asanajambulidwe. Amp glow ikatsala ndi dark yosafanana.

Chenjezo: mukaona chimodzi mwa izi bwererani mukakonze komweko. Musanene kuti background extraction ikonza. Makona imatha kuwabisako pang'ono, koma timphete ta fumbi sitichoka nayo ngakhale mutatani.

10. Dulani m'mphepete. Chifukwa cha dithering ndi kusuntha kwa thambo, m'mbali mwa stack mumakhala mizere yakuda kapena ya phokoso pomwe mafuremu sanakumane onse. Kokani bokosi ndi mbewa, dinani kumanja, Crop. Musaumire, dulani mpaka mbali zonse zinayi zikhale zoyera. Kam'mphepete kakuda kamodzi kokha kamanamiza pulogalamu kuti thambo ndi lakuda pamenepo, gradient yonse nkuwerengedwa molakwika.

11. Tsopano gradient. Chithunzi chikadali chosakokedwa, kutanthauza kuti simunakweze kuwala kwake, pitani pa Image Processing, Background Extraction. Sankhani RBF, smoothing isiyeni pa 0.5 poyamba, correction ikhale Subtraction chifukwa kuwala kwa tauni ndi kwa mwezi kumachita kuwonjezereka pamwamba pa chithunzi ndiye kumafuna kuchotsera. Division ndi ya makona akuda, ntchito ya flat ija, muigwiritse pokhapokha ngati ma flat mulibiretu.

Mukadina Generate, Siril imamwaza timabokosi pa chithunzi chonse, ndipo kabokosi kalikonse kakuuza pulogalamu kuti apa ndi thambo lopanda kanthu. Ndiye kabokosi kakakhala pa nebula, pulogalamu imakhulupirira kuti nebulayo ndi kuwala kwa tauni nkuichotsa. Dinani kumanja pa kabokosi kuti kachoke, kumanzere kuti muike katsopano. Chotsani tonse tomwe tili pa nebula, m'mphepete mwake, ndi pa nyenyezi zikuluzikulu.

Pa Eta Carinae mpovuta chifukwa ili mkati mwa Mlalang'amba, nyenyezi zili thothotho ndipo mpweya wofiira uja umafika kutali kuposa pomwe diso likuona pa sikirini. Ine pa malo ngati amenewa ndimaona kuti nkwabwino kudina Clear nkuika ndekha timabokosi tochepa, 15 kapena 20 basi, m'makona onse anayi, m'mbali, ndi tingapo chapakati pomwe palibedi kanthu. Ndi RBF timabokosi tochepa toikidwa bwino timaposa mazana omwazika. Ndipo musakopeke ndi mitambo yakuda ya fumbi la mu Mlalang'amba ija nkuunjikamo timabokosi poti ndi pakuda, kuda kwake ndi mbali ya chithunzi, mukaika tambiri pamenepo pulogalamu imayesa kufafaniza kusiyana kwa mtambowo ndi nyenyezi zoyandikana nawo, chithunzi nkuoneka chophwatalala chopanda kuya. Kusintha kaonetsedwe kupita pa Histogram kumathandiza, chithunzi chimaoneka chonyansa koma gradient ndi malire a nebula zimaonekera poyera.

Dinani Compute Background, yerekezani ndi choyambirira, mukakhutira Apply. Mukaona nebula yazunguliridwa ndi mthunzi wakuda, kapena yachepa, bwererani muchotse timabokosi tapafupi nkukweza smoothing.

12. Ngati timabokosi takutopetsani, sungani chithunzi chodulidwacho ngati fayilo ya mtundu wa FITS ya 32-bit nkuchitsegula mu GraXpert, sankhani njira ya AI, Calculate Background. Nthawi zambiri imachita bwino popanda kuika kalikonse. Ubwino wake waukulu ndi woti mutha kusintha kaonedwe kupita pa Background nkuona chomwe yachotsa. Chiyenera kukhala chosalala, kuwala mbali ina nkumazilala. Mukaona maonekedwe a nebula yanu ali mmenemo ndiye kuti yadyako, kwezani smoothing muyesenso kapena bwererani ku timabokosi.

13. Pali usiku wina woti gradient imasintha mukujambula: mwezi watuluka pakati pake, chinthu chanu chatsikira ku tauni, kapena magetsi anali atathima dera lonse thambo lili bii kenako abwera mwadzidzidzi. Mafuremu otere akasanjikizidwa gradient yake imakhala yopiringizika, yovuta kuchotsa kamodzi. Njira yake ndi kuchotsa pa furemu iliyonse musanasanjikize: tsegulani sequence ya mafuremu okonzedwa kale aja oyamba ndi pp_, mu Background Extraction sankhani Polynomial, degree 1, chongani Apply to sequence, kenako mulinganize ndi kusanjikiza pamanja. Degree 1 yokha, chifukwa imangochotsa kupendekera kowongoka ndipo singadye nebula. Pa stack yomaliza mudzachitabe RBF ija kamodzi.

14. Zotsalira. Makamera ena a Canon, makamaka akalekale, amasiya mizere yopingasa pa thambo, Siril ili ndi Banding Reduction, chongani kuteteza mbali zowala ndipo muyambe ndi mphamvu yochepa. Kenako Photometric Color Calibration, lembani NGC 3372, yomwe ndi nambala ya nebula ya Eta Carinae, focal length ndi kukula kwa pixel, iwongole mitundu potengera nyenyezi zenizeni, apa pafunika intaneti. Kubiriwira kukatsala, Remove Green Noise. Mukatha zonsezi ndi pomwe mungayambe kukoka kuwala.

Zolakwika zomwe zimabwerezedwa

Kuchotsa gradient chithunzi chitakokedwa kale. Kukoka kumapinda manambala a kuwala, kuchotsera sikugwiranso molingana, mumatsala ndi zigamba zamitundu. Ngati mwakoka kale bwererani ku fayilo ya result muyambirenso, nchifukwa chake musamaisevere pamwamba.

Kudumpha ma flat poti kwazizira ndipo tulo tafika. Mwa mitundu itatu ija, ngati pali umodzi woti musaudumphe ndi flat. Ma hot pixel dithering imatha kuwagonjetsa ngakhale ma dark palibe, koma fumbi ndi makona palibe china chozichotsa bwinobwino. Ngati simungathedi usiku womwewo, nyamulani kamera osachotsa lenzi, osakhudza focus, mujambule m'mawa.

Kugwiritsa ntchito ma flat a mwezi watha. Lenzi mwaichotsa kangapo, fumbi lina lalowa lina lasuntha, ndiye flat yakale imawonjezera timphete towala pomwe fumbi linachokapo. Usiku uliwonse ma flat ake, ndipo mukasakaniza mausiku awiri konzani uliwonse ndi ma flat ake musanawaphatikize.

Kubwereza background extraction katatu kanayi. Kachiwiri nkololeka ngati gradient inali yoopsa, koma kupitirira apo mukungosenga nebula pang'onopang'ono, ndipo vuto lenileni nthawi zambiri limakhala flat yolakwika, m'mphepete mosadula, kapena kuwala kwa babu ya pakhonde kolowera cham'mbali mwa lenzi, komwe mankhwala ake ndi lens hood, chotchinga cha pakamwa pa lenzi, ndi kuzimitsa babuyo.

Kusevera mu JPEG kapena 8-bit pakati pa ntchito. Thambo limatuluka ndi masitepe ooneka m'malo mosalala. Khalani pa FITS ya 32-bit mpaka kumapeto, ndipo popita ku GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, tumizani TIFF ya 16-bit.

Kudetsa thambo mpaka bii pomaliza. Thambo lenileni si lakuda kotheratu, ndipo mpweya wozilala wozungulira Eta Carinae uli pamwamba pang'ono chabe pa kuwala kwa thambolo. Pokoka, kaphiri ka histogram kasiye kampata kuchoka pa khoma la kumanzere, ndipo mukayeza thambo mu GIMP manambala a R, G ndi B akhale oyandikana, cha m'ma 20 mpaka 30 pa 255. Mukaona ziro pamenepo bwezani black point, kamuvi koika malire a kuda pa histogram, kumanzere mpaka manambalawo abwerere.